Ulendo wa ku Plymouth: nyanja ikabiriwira mu Epulo

Tinanyamuka m'bandakucha pa sitima ya pamtunda, gulu la Amalawi amene tikuphunzira za usodzi kuno ku Britain. Tinkapita ku Plymouth Marine Laboratory, malo ofufuzira za m'nyanja mumzinda wa Plymouth, kukaona mmene akatswiri amalondolera phytoplankton, tizomera tosaoneka ndi maso timene timachulukana m'nyanja chisanu chikamatha.

Mayi amene anatilandira anatikhazika pa kompyuta n'kutsegula zithunzi za Sentinel-3A, setilaiti imene inaulutsidwa mu 2016. Kadontho kalikonse pa chithunzi kamaimira mamita 300. Cha mu Febuluwale nyanja inali yabuluu, koma pofika Epulo munali mikwingwirima yobiriwira yopindikapindika ngati ndere za padziwe. Anatifotokozera kuti mikuntho ya m'nyengo yozizira imavundula madzi n'kukweza michere kuchokera pansi. Dzuwa likayamba kukhalitsa, madzi apamwamba amafunda n'kudekha, ndiye tizomerato, makamaka ta mtundu wa diatom, timaswana mofulumira zedi.

Apa mtima wanga unathamangira ku Mangochi. Kwathu mwera ukaomba mu Juni ndi Julaye, madzi ozizira apansi amakwera kumwera kwa nyanja atanyamula michere. Tizomera timadyetsa tizilombo ta m'madzi, tizilomboto n'timene usipa umadya. Agogo anga ankawerenga nyengo ya nyanja poyang'ana mphepo, osadziwa kuti tsiku lina mdzukulu wawo adzaonera zofananazo kuchokera kumwamba.

Chithunzi cha tsiku lomwe tinafika sitinachione. Mitambo inali itaphimba nyanja yonse, ndipo setilaitiyi sipenya kupyola mtambo. Komanso kufupi ndi gombe, matope ochokera mumtsinje wa Tamar amasokoneza mtundu wa madzi. N'chifukwa chake madzi amene akatswiriwa akhala akupita pa boti kukatunga pafupifupi sabata iliyonse kuyambira mu 1988, pamalo ena m'nyanjamo otchedwa L4, amathandiza kutsimikiza zimene chithunzi chikunena. Kulimbikira kumeneku n'kumene kunandigwira mtima kuposa makina onse aja.

Masana anatidonthezera madzi a ku L4 pa kagalasi, ndipo tinasinthana kusuzumira m'maikulosikopu. Ndinaona timikanda tagolide tolumikizana ngati unyolo, tina tili ndi timinga tatitali. Mnzanga wa ku Nkhata Bay anakakamira pamenepo mpaka tinachita kumukoka kuti sitima ingatisiye. M'njira yonse yobwerera ankangofunsa kuti botolo loyamba la madzi tidzakatunge pati, ku Monkey Bay kapena kwawo.