Tsiku limene ndinawerenga akazi a msuweni wanga pa maikolofoni

MC amene anamulipira pa ukwati wa msuweni wanga ku Zomba anazimitsa foni m'mawa wa tsikulo, ndalama atadya kale. Azakhali sanachedwe, anangondiloza: "Iwe, si unakhoza MSCE? Tenga maikolofoni." Kuchikazi kunabwera alendo atatu ochokera ku Scotland, anzake a mkwatibwi a kuntchito, ndiye ankhoswe anati apo ndi apo ndiziponyamo Chingerezi kuti azunguwo asamangoyang'ana kudenga.

Mantha ndinalibe. Chingerezi chofananitsa zinthu ine ndinachiloweza ndili sitandade 7, aphunzitsi ataima ndi kamtengo pambali. Tall, taller, tallest. Mawu akatalika umaika more ndi most kutsogolo, beautiful sumuphatika mchira. Ndiye pali amwano aja osamva lamulo, good, better, best ndi bad, worse, worst. Tinkachita kuimba mpaka mbuzi zakuseri kwa kalasi zinkadziwa.

Perekani-perekani anayenda bwino zedi. Ma K500 ankagwa, lichero likudzaza, ine mapewa akukwera. Atadula keke ndinaona kuti nthawi yoti alendo adziwe kuti kuchimuna kulinso ophunzira yakwana. Ndinakhosomola pang'ono, n'kuti: "Ladies and gentlemen, my cousin has chosen the better woman!"

Ndinkadikira nthungululu. M'malo mwake theka la holo, amene anamva Chingerezicho, linatembenukira kumbuyo. Patebulo lomaliza panakhala mtsikana wa diresi lofiira, uja ankayenda ndi msuweni wanga ali ku koleji, amene mpaka lero palibe akuvomera kuti ndiye anamuitana. Iye osatekeseka, anangokweza botolo la Fanta m'mwamba.

Mkwati anandikoka jekete. "Msuweni, konza zimenezo msanga."

Ndinaganiza kuti vuto ndi loti ndamuchepetsa mkwatibwi, ndamusiya pa sitepe yachiwiri pamene pali yachitatu. Ndiye ndinakwera. "Sorry, sorry! I mean the best. Of all of them, she is the best!"

Apa m'pamene anaimirira amalume a mkwatibwi, ahedi opuma pantchito, munthu wa tayi ngakhale kumunda. Sanakalipe. Anangowerama n'kuyamba kumasulira agogo awo, koma ndi mawu oti amveke mpaka kukhitchini: "Agogo, poyamba paja mnyamatayu anati akaziwo alipo awiri. Better ndi ya anthu awiri. Tsopano wasintha, akuti best, ndiye kuti ndi atatu kapena kupitirira apo."

"Atatu?" anatero agogo, akumanga bwino chitenje.

Chilungamo chake, apa Chingerezi n'chimene chili ndi mtima woipa. Ife tikati mkazi wabwino kwambiri, nkhani yathera pomwepo, palibe amafunsa kuti anzake ali kuti. Mngerezi sangayamikire munthu osawerenga kaye amene aluza.

Thukuta linali litafika m'masokosi. Ndinkafuna kunena kuti zakale zinapita, uyu ndi womaliza, sikudzabweranso wina. M'mutu nyimbo ya sitandade 7 inayamba yokha: late, later...

"She is the latest!"

Mzungu mmodzi anatsamwa ndi samusa. Wa diresi lofiira anaomba m'manja yekhayekha. Mkwatibwi anachotsa dzanja lake m'dzanja la mwamuna wake pang'onopang'ono, chala chimodzichimodzi.

"Mwanawe," anatero ahedi aja, tsopano akuyang'ana ine, "ukufuna kunena kuti last. Latest ndi ya mafoni, chaka chamawa kumatuluka ina."

DJ, Mulungu amudalitse, anakweza nyimbo mpaka masipika kunjenjemera. Azakhali anandilanda maikolofoni osandiyang'ana n'komwe, n'kuyamba kuitana akuchikazi m'Chichewa chosalala, ndipo ankhoswe a mbali zonse anakatsekerana kaye m'kachipinda ka keke. Ine anandipatsa udindo watsopano wolondera magalimoto panja, padzuwa, ndili m'suti yobwereka.

Madzulo alendo akutuluka, mzungu wotsamwa uja anandipeza pageti, maso akadali ofiira ndi kuseka. Anandigwira dzanja, n'kundipanikizira K5,000 m'manja, akuti mwa zolankhula za pa ukwati, yanga inali "the best".

Ndalamayo ndinalandira. Koma ndinamufunsa kaye kuti mwa zingati.