Mmene kasensa ka pa ekizozi kanatipezera bizinesi ku Biwi

Ku Biwi amangotitchula kuti anyamata a kompyuta, koma chomwe chikutidyetsa ine ndi mng'ono wanga ndi kachitsulo kakang'ono komangidwa pa paipi ya ekizozi, oxygen sensor. Poyamba tinali ndi kamakina ka OBD2 kowerenga makhodi a mavuto mu kompyuta ya galimoto, kolumikiza ku foni basi, tikuyenda wapansi m'magalaja kupimira amakaniko magalimoto, ndiye tinkaona chinthu chimodzimodzi pa ma Sienta, Probox, Vitz ndi Passo olowera pa Songwe aja: getsi la check engine layaka, petulo ikutha ngati thanki yabooka, mwini wake wasintha kale mapulagi, fyuluta, ena mpaka pampu, koma ayi ndithu.

Kwacha itagwa ndi 44% mu Novembala 2023 mafuta n'kukwera, a ma taxi anayamba kuwerengera lita iliyonse, m'pamene tinaitanitsa masensa athu oyamba, pano tili ndi kakontena.

Ntchito ya kasensaka ndi kununkhiza utsi n'kuuza kompyuta ya galimoto ngati mafuta achuluka kapena achepa poyerekeza ndi mpweya, injini ya petulo imafuna magalamu 14.7 a mpweya pa galamu 1 ya mafuta. Kakatopa kamanama kapena kamayankha mochedwa, kompyuta nayo imangothira mafuta mosayang'ana, mapulagi bii. Masensawa nthawi zambiri amakhala awiri, wina catalytic converter (chosefa utsi cha mu ekizozi) isanafike wina kuseri kwake, ndipo samasinthanitsidwa ngakhale aoneke ofanana, n'chifukwa chake timafunsa chassis number tisanatulutse kanthu pashelefu.

Anzathu ena amatiseka kuti tikudzidyera msika chifukwa timaphunzitsa makasitomala kumanga okha, soketi timabwereka kumene ukasiya dipoziti. Koma ntchito yake ndi yotani apa? Injini ikhale yofunda osati yotentha, mupsa dzanja. Yambani mwazula pulagi ya waya, ili ndi kaloko kodina ndi chala, osakoka waya. Thirani WD-40 pamazinga n'kudikira pang'ono, kenako soketi ya 22 yong'ambika m'mbali ija kuti waya adutsepo. Sipanala wamba imatha kugwira koma pa sensa yadzimbiri imadya makona, zikatero ndiye mwaitanitsa wa gasi. Yatsopanoyo muyambe kupota ndi dzanja mpaka ilowe bwinobwino, ikalimba msanga bwererani, mazinga a ekizozi akaonongeka ndi nkhani ina yodula. Kumutu kwake kusakhudze girizi kapena oilo, waya mumudutsitse mmene unadutsira wakale kutali ndi paipi. Ngati mukulowa pansi, chonde osadalira jeke yokha, ikani ma stand.

Pomwe pali luso ndi popima. Khodi ikatchula sensa sikuti sensa yafa ayi. P0135 ndi ya hita ya mkati mwa sensa, ndiye timayamba taona fyuzi ndi mawaya, makoswe amakonda kutafuna pamenepo makamaka galimoto yogona pafupi ndi matumba a chimanga. Ekizozi yobooka kutsogolo imalowetsa mpweya sensa n'kumaoneka yolakwa pomwe ili bwino. Ndiye pali P0420, yonena kuti catalytic sikugwira bwino ntchito, iyi timakangana nayo anthu sabata iliyonse. "Bwana, sensa yanu ilibe mlandu, catalytic yanu mulibe kanthu mkati," iwo "ayi aise ingondigulitsa." Ambiri anaigula galimoto wina atakolopa kale za mkatizo kukagulitsa, ndipo ngakhale mumange sensa ya Denso yatsopano getsi limayakanso. Oterowo timawabweza ndi ndalama zawo, ena amachoka atakwiya kukagula kwina, chabwino.

Masensa otchipa a universal odula mawaya n'kulumikiza tinakana kusunga, amabwerera kwambiri. Timasunga a pulagi yake yeniyeni, ambiri a injini za Toyota za 1NZ ndi 1KR poti ndi zomwe zadzaza mumsewu, a Demio ndi Note timaitanitsa munthu akasiya theka la ndalama.