Lipoti la ulendo wathu wokaona telesikopu ya SALT ku Sutherland

Ife ophunzira sayansi ya zakuthambo pa yunivesite ya Cape Town tinalawirira m'mamawa kupita ku Sutherland, m'chigawo cha Northern Cape, ndipo titayenda maola pafupifupi 4 tinafika pa phiri louma pamene pali matelesikopu a bungwe la South African Astronomical Observatory. Mphepo ya kumeneko inkalasa m'mafupa ngakhale dzuwa linali litakwera kale.

Chimene chinatitengera kumeneko ndi SALT (Southern African Large Telescope), telesikopu imene inatsegulidwa mu 2005 ndipo ndi yaikulu kuposa ina iliyonse yogwiritsa ntchito kuwala kooneka ndi maso kum'mwera kwa dziko lapansi. Galasi lake, lotambalala pafupifupi mamita 11, ndi lolumikiza magalasi 91 a ngodya zisanu ndi imodzi, oyalidwa ngati zisa za njuchi. Ndinaima pansi pake nthawi yaitali ndithu. Chinandidabwitsa kwambiri n'chakuti galasilo silimaweramira uku ndi uku; linapendekeka kamodzi kokha ndipo limangozungulira, pamene kachipangizo ka pamwamba pake ndi kamene kamayenda kutsatira nyenyezi.

Kwa ife telesikopuyi si yachilendo, chifukwa inathandiza pa ntchito imene dipatimenti yathu imanyadira nayo. Mu 2016 gulu lotsogozedwa ndi Pulofesa Renée Kraan-Korteweg linalengeza kuti lapeza Vela Supercluster, chikhamu cha milalang'amba chimene chinabisika kuseri kwa fumbi ndi nyenyezi za mlalang'amba wathu womwewu, pa mtunda umene kuwala kumayenda zaka pafupifupi 800 miliyoni. Akatswiri ambiri ankalambalala dera limenelo la thambo chifukwa cha fumbilo, ndipo kwa ine kulimbikira kufufuza pamalo pamene ena anapataya ndiko kumachititsa kuti ntchitoyi ikhale yamtengo wapatali.

Tinaonanso MeerLICHT, telesikopu yaing'ono imene yunivesite yathu ili nayo mbali, yopangidwa kuti iziyang'ana dera la thambo limene madishi 64 a MeerKAT, telesikopu yogwira mafunde a wailesi ochokera kuthambo, akumvetsera kufupi ndi tauni ya Carnarvon.

Usiku anatiletsa kuyatsa nyali zoyera, ndipo tinkayenda ndi timatochi tofiira kuti tisasokoneze ofufuza. Maso atazolowera mdima, mlalang'amba unayala thambo lonse, ndipo mnzathu wina analoza chala cha ku gulu la nyenyezi la Vela, kumene kunabisika chikhamu cha milalang'amba chija, ife tonse n'kukhala chete tikunjenjemera ndi chisanu.