Mmene ndimawetera mphemvu za dubia zodyetsa tarantula

Mphemvu zimene ndimadyetsa akangaude anga akuluakulu aubweya, otchedwa tarantula, si zija zothamanga m'khitchini usiku. Ndi za mtundu wa dubia, Blaptica dubia, zochokera ku South America. Ndinazisankha chifukwa sizitha kukwera pulasitiki yosalala, sizilira usiku ngati nkhululu, ndipo sizinunkha mukamazisamala.

Ndinayamba ndi bokosi lakuya la pulasitiki losaonekera mkati, poti zimakonda mdima. Chivindikiro ndinachiboola pakati n'kumatapo waya wa sefa kuti mpweya uzilowa. Pansi sindithirapo dothi kapena utuchi. Ndimangoimika mathireyi a mazira chilili, moyandikana, kuti zitosi zizigwera pansi ndipo tiana tizipeza pobisala.

Posankha mbewu, yang'anani mapiko. Yaimuna mapiko ake amaphimba msana wonse, yaikazi ili ndi timapiko tatifupi ndipo ndi yonenepa. Ine ndimasunga yaimuna imodzi pa zazikazi zitatu kapena zinayi. Amuna akachuluka amangolumana mapiko.

Nkhani yonse yagona pa kutentha. Pakati pa madigiri 27 ndi 32 zimaswana bwino, kukazizira zimangokhala chete, kudya pang'ono, osabereka. Kuno ku Johannesburg June ndi July amaluma, choncho ndinamata kachipangizo kotenthetsera kumbali imodzi ya bokosi, mbali inayo n'kuisiya yozizirirapo kuti zizisankha zokha pokhala. Dubia siitaya mazira panja. Imawasunga m'mimba pafupifupi mwezi, kenako mumangoona tiana toyera mbee, 20 kapena kuposa, titaunjikana pansi pa mayi. Kuti tikule pamatenga miyezi inayi mpaka isanu ndi umodzi. Apa mpamene pamafunika kuugwira mtima. Musayambe kutapa gulu lisanakhazikike, apo ayi mudya mbewu. Pa miyezi yodikirayo akangaude ndinkawagulira chakudya padera.

Chakudya chouma cha mphemvuzi ndi madeya osakaniza ndi chakudya cha nkhuku. Madzi zimapeza mu karoti ndi malalanje; mbale ya madzi ayi, tiana timamiramo. Zotsala ndimachotsa mawa lake, chifukwa chuku chikangolowa chimapha gulu lonse. Poyeretsa ndimavala chophimba mphuno ndi magolovesi, pakuti fumbi la zitosi zake limayambitsa chimfine ndi kuyabwa kwa anthu ena, ndipo ndimasefa zitosizo mosamala poti tiana timabisalamo.

Podyetsa ndimasankha mphemvu yosaposa mimba ya kangaudeyo kukula. Dubia ili ndi khalidwe loumirira phee kapena kudzikwirira m'dothi, ndiye ndimaifinya mutu ndi kapani kuti izingophupha pamalo amodzi. Ikapanda kudyedwa tsiku lathunthu ndimaichotsa. Kangaude akayamba kukana chakudya, mimba n'kuda, ndiye kuti ali pafupi kufundula, ndipo sindimuikira kanthu. Akafundula ndimadikira mano ake, amene amayamba ali oyera, ade bii, zomwe kwa wamkulu zimatenga sabata imodzi kapena ziwiri.