Zikomo, mwawaperekeza ndi nyimbo amayi athu

Papita sabata ziwiri chiwaikire m'manda amayi athu, ndipo lero ndi pomwe mtima wakhazikikako pang'ono kuti ndilembe. Ndikulankhula m'malo mwa ana asanu, zidzukulu ndi zidzukulutudzi zawo. Anatisiya ali ndi zaka 88.

Ndiyambe ndi inu ana awo a sukulu, ngakhale ambiri muli ndi imvi tsopano. Sitinakuitaneni, munangomva uthenga n'kunyamuka, ena ku Lilongwe, ena ku Mangochi. Usiku wachiwiri pasiwa, akwaya atasasa mawu, bambo ena amene sindinkawadziwa anaimirira pamoto panja n'kungoti "do, mi, so" chapansipansi. Nthawi yomweyo azimayi m'nyumba analandira, azibambo panja n'kuthira besi, aliyense pa mawu ake ngati munachita kupangana. Misozi imene ndinaigwira kuyambira kuchipatala inatsika pamenepo, chifukwa ndi mmene amayi ankayambitsira nyimbo m'kalasi, uku akugogoda rula patebulo. Rula ija tinaipeza m'kati mwa buku lawo la nyimbo, mbali imodzi itaperepeseka.

Uphunzitsi anauphunzira ku Domasi, Zomba ikadali likulu la dziko. Likulu litasamukira ku Lilongwe mu 1975, anzawo ambiri anatsatira amuna awo, iwo anatsala konkuno. Mu 1994, maphunziro a pulayimale atakhala aulere, anali atapuma kale, koma anatenganso choko. Ana anali mbwee pansi pa mtengo, mabuku osakwana, ndiye kuchulukitsa nambala ankakuphunzitsa poimba. Mayi ena pamaliro anandiuza kuti mpaka lero akamawerengera ndalama pamsika amayamba ang'ung'uza kanyimbo komweko.

Kwa inu anzawo a malemu bambo athu, asilikali apamadzi opuma a ku Monkey Bay, ndikusowa poyambira. Kuno ku Zomba munthu akamva za msilikali amaganiza za Cobbe Barracks, bambo oweruka madzulo n'kudya nsima ndi ana awo. Athu anali apanyanja. Ankatha miyezi osaoneka, ndipo akabwera kutchuthi ankatsika basi ndi katoni ya usipa wouma. Mwera ukayamba kukuntha mu Juni ndi Julaye, amayi sankaona tulo. Foni zam'manja kunalibe. Ankakhala pafupi ndi mbaula, nyali ya koloboyi pambali, akuchonga makope ndi kuimba motsitsa mpaka tambala woyamba. Ife tinkati akukonzekera kwaya. Nditakula ndi pomwe ndinazindikira kuti anali mapemphero owapempherera bambo ali pamadzi. Kukuonani mutaima chilili pambali pa bokosi, ena mukutsamira ndodo, zinali ngati bambo abwera okha kudzawatenga.

Amayi a Mvano, munagona pansi masiku atatu m'chisanu cha kuno osadandaula. Kuyambira pamene miyendo ya amayi athu inakana, munkabwera kunyumba kudzapemphera nawo, ndipo mukalakwitsa mawu ankakukonzani ali chigonere. Munkawamvera ngati ana. Zimenezo sindidzaiwala.

Anamwino a ku Zomba Central Hospital amene munkawatcha "aphunzitsi" mpaka tsiku lomaliza, zikomo. Abusa ndi akulu a mpingo, amfumu, komanso adzukulu amene munalimbana ndi dothi la miyala kuyambira m'bandakucha, Mulungu akubwezereni. Anansi athu a ku Chinamwali, nkhuni, ufa, ndiwo ndi madzi sizinasowe ngakhale tsiku limodzi. Amene munatumiza chipepeso pafoni, ena osatchula ndi dzina lomwe, chinafika ndipo chinagwira ntchito.

Buku la nyimbo lija, lomwe m'mphepete mwake muli do-re-mi wolembedwa ndi dzanja lawo, tagwirizana kulipereka ku kwaya ya ana a Sande sukulu Lamulungu likubwerali. Rula yokha yatsala ndi ine. Ngati alipo amene anasunga chithunzi chawo akuimbitsa kwaya, chonde tipatsireniko, chifukwa ife tili nacho chimodzi chokha.