Tsiku limene "no" anandigulitsa

Popeza ena mwayamba kale kunditchula kuti Bambo Ano, bola mumve kwa mwini wakene.

Mayi aja amene ankaonetsa zinthu pa kompyuta kumsonkhano ndi a ku Czech Republic, ndipo ine ndinkadziwa. Vuto linagona pamenepo. Usiku wa dzulo lake ndinali nditawerenga kuti m'Chicheki "inde" amati "ano", ndipo pocheza amangodula n'kutsala "no". Ku Poland nakonso "no" amamveka ngati "eya". Ndinagona ndikudzimva upulofesa.

Ndiye tili pamsonkhano paja, foni yanga ili pafupi kuzima, soketi ndi imodzi, mwalowa chingwe cha kompyuta yawo. Ndinawanong'oneza m'Chingerezi ngati ndingazule. Iwo osacheuka n'komwe: "No."

Ndinamwetulira. Chamumtima ndinati, wosaphunzira akanabwerera pamenepa. Ndinazula.

Zonse zimene ankaonetsa kutsogolo zija zinangoti bii. Mayiwo anadzambatuka akukuwa kuti, "Ne! Ne! Ne!"

Apa ndiye mutu unaima. Pajatu "ne" m'Chigiriki ndi "inde". M'Chikoreya ndi "inde". Ndinangoti chilili, chingwe chili lende m'manja ngati ndagwira njoka kumchira, ndikuwerenga mavoti: Agiriki ali mbali yanga, Akoreya ali mbali yanga. Ndinawayang'anitsitsa mayiwo kumaso kuti mwina agogo awo anali a ku Athens, likulu la Agiriki. Ndinafika mpaka powerama pang'ono, muja achitira munthu akamathokozedwa. Holo yonse ili zii, kumangomveka mtima wanga.

M'Chicheki "ne" ndi "ayi". Ndi m'bale wake wa "no" wa Chingerezi ndi "non" wa Chilatini, onse mbumba ya kamawu kamodzi kakalekale kokanira. Izinso zinalembedwa momwe ndinawerengamo, kungoti zinali kumunsi ndipo tulo tinali titandipeza.

Komabe tinene chilungamo. Ndani amabwera pagulu ndi kompyuta yakufa batire? Ndipo munthu amene kwawo "no" ndi kuvomera, bwanji osachenjeza kuti lero akukana m'chinenero chiti? Inde, amene ndinafunsa m'Chingerezi ndine. Zimenezo musazikokere patali.

Kompyutayo inatenga mphindi 10 kuti idzuke, ine ndili m'munsi mwa tebulo kunamizira kukonza soketi. Foni ija inazimabe.