Woyendetsa galimoto akafunsa foni, garaja yanu imatchulidwa?

Ife a bizinesi za m'mbali mwa M1 timadyera anthu odutsa. Munthu wa kuno ku Dedza safunika foni kuti apeze garaja yathu, amadziwa kale pomwe ili, ndipo akaiwala amafunsa wa kabaza. Koma amene akuchokera ku Lilongwe kupita ku Blantyre, kapena dalaivala wa thiraki yemwe wangowoloka pa chipata cha Dedza kuchokera ku Mozambique, satidziwa. Tayala likamuphwera cha ku Linthipe, kapena injini ikatentha pokwera ku Bembeke madzulo a mwezi wa June chifunga chitatseka msewu, alibe womufunsa. Manja ali ndi girisi, zala zauma ndi chisanu. Amangodina kamaikolofoni ka pa Google n'kulankhula.

Garajayi ndi ya bambo anga, ine ndimasunga mabuku ndi kuyankha foni. Ndiye kasitomala wachilendo aliyense ndimamufunsa kuti watipeza bwanji, ndipo yankho loti "ndinafunsa foni" ndikulimva kawirikawiri kusiyana ndi kale. Ndikamuuza kuti abwereze zomwe ananena, zimakhala zosiyana ndi zomwe munthu angalembe. Wolemba amaika mawu awiri, "garage Dedza", basi. Wolankhula amafunsa funso lathunthu: "Kodi pafupi pano pali womata matayala amene sanatseke?" kapena pa Chingerezi "tyre repair near me open now". Kumapeto kwa 2024 Google inaonjezera Chichewa pa zilankhulo zomwe munthu angafufuzire ndi mawu, ndiye mafunso a m'chilankhulo chathu azingochuluka. Chimene chimandidetsa nkhawa n'choti foni siyankha ndi mndandanda wautali. Pamwamba imaonetsa mapu ndi mabizinesi ngati atatu, ndipo munthu wothedwa nzeru pamsewu amaimbira woyambayo.

Mayankho amenewo foni siyipeka. Imawatenga pa Google Business Profile, tsamba laulere lomwe limaika bizinesi pa Google Maps. Kale linkatchedwa Google My Business. Ngati mulibe, kwa foniyo bizinesi yanu kulibe, ngakhale chikwangwani chanu chikule bwanji. Kutsegula kumafuna akaunti ya Google, monga ya Gmail, ndi bandulo pang'ono. Povuta ndi pomwe Google imafuna umboni woti malowo ndi anudi. Ife inatipempha vidiyo yosadula: kujambula msewu ndi mashopu oyandikana nawo, chikwangwani, zipangizo za ntchito, kenako kuonetsa ukutsegula loko wa pakhomo. Bambo ndi amene anagwira makiyi ine ndikujambula.

Ndikhalitse pa nkhani ya malo, chifukwa ndi pomwe ambiri kuno akugwera. Misewu yathu yambiri ilibe mayina, nyumba zilibe manambala, timalondolerana kuti "mukadutsa pa filling station, kudzanja lamanja, kuseri kwa chigayo". Foni sidziwa chigayo. Imadziwa kachizindikiro kofiira ka pa mapu, ndipo kakalakwika ndi mamita 300 okha munthu amakaima pa khomo la wina. Imani pakhomo penipeni pa bizinesi yanu, yatsani location, ndipo kachizindikiroko mukaike pomwe mwaimapo, osati pakati pa tauni. Google Maps imaperekanso Plus Code, kagulu ka zilembo ndi manambala koimira malo opanda adiresi. Yathu ndinailemba ndi penti pansi pa chikwangwani komanso pa WhatsApp. Anzathu a ku Lizulu asamale kwambiri, chifukwa kumeneko msewu ndiwo malire, ndipo kachizindikiro kakatsetserekera tsidya linalo bizinesi ya ku Ntcheu imaoneka ngati ili ku Mozambique.

Google yokha imanena kuti posankha woti imuonetse imayang'ana zinthu zitatu: ngati bizinesi ikugwirizana ndi zomwe munthu wafunsa, kutalika kwa mtunda, ndi kutchuka kwake. Mtunda sitingausinthe. Zinazo zili m'manja mwathu. Posankha gulu la bizinesi sankhani lenileni. Ngati ntchito yanu yaikulu ndi matayala, musangoti "shop". Kenako lembani ntchito iliyonse payokha: kumata matayala, kuwotcherera, mabuleki, kutchaja batire, kukoka galimoto yofera panjira. Pali malo ofotokozera bizinesi a zilembo zosaposa 750. Ine ndinalembapo momwe makasitomala amalankhulira, Chichewa ndi Chingerezi pamodzi, ndipo ndinatchula malo omwe timafikako: Chimbiya, Linthipe, Bembeke, mpaka Lizulu. Chingerezi cha m'kalata yofunsira ntchito sichithandiza pamenepa, chifukwa palibe dalaivala amene amalankhula choncho galimoto itamufera.

Dzina likhale limodzi paliponse, pa chikwangwani, pa Google, pa Facebook ndi pa WhatsApp Business. Ena amaunjika mawu pa dzina, "best cheap mechanic Dedza Lilongwe Blantyre", poganiza kuti akwera pamwamba. Malamulo a Google amaletsa zimenezo ndipo tsamba likhoza kuyimitsidwa. Chofunika kuyesa ndi chakuti foni imalimva bwanji dzina lanu. Litchuleni mokweza pa kamaikolofoni muone zomwe ilembe. Apatseninso ena atchule: agogo, mnyamata wa minibasi, mlendo wolankhula Chipwitikizi. Mayina okhala ndi zidule zambiri kapena kalembedwe kachilendo amasokonekera, ndipo amene mukutsegula kumene bizinesi ndi bwino muyese izi musanalipire wolemba chikwangwani.

Maola ogwirira ntchito anthu amawapeputsa, koma wofunsa ndi mawu nthawi zambiri akufuna thandizo pompopompo. Mukalemba kuti mumatseka 5 koloko pomwe mumafika 8 koloko usiku, ntchito ya madzulo ipita kwina. Mukalemba kuti simutseka usana ndi usiku pomwe mumagona, mukhumudwitsa munthu amene ali kale pamavuto. Pali pomwe mungaike maola apadera a masiku ngati 15 January, 3 March kapena 6 July. Kukagwa maliro m'mudzi ife timatseka, monga mwa mwambo, ndipo ndisananyamuke ndimasintha pa foni kuti lero tatseka. Sizitenga mphindi ziwiri.

Nambala ya foni ikhale yoyamba ndi +265, kuti ndi wa laini yakunja yemwe aimbe ilowe. Ikhalenso nambala yomwe imayankhidwa. Izi zimandipweteka ndikaziona kwa anzanga: tsamba labwino, zithunzi zokongola, koma nambala ndi ya mwana amene analembetsa tsambalo n'kupita kusukulu ku Zomba. Ife tili ndi laini ya Airtel ndi ya TNM chifukwa netiweki m'mapiri muno imasinthasintha, ndipo power bank imakhala yodzaza podikira kuzima kwa magetsi.

Kutchuka kumachokera, mwa zina, ku ndemanga ndi nyenyezi zomwe makasitomala amapereka. Nthawi yabwino yopempha ndi pomwe anyamata akumanga manati omaliza, munthu mtima uli m'malo. Ndimati, "Bwana, ngati takuthandizani bwino, tilembereni mawu awiri pa Google, mutchule chomwe takonza." Ndemanga yoti "anandimatira tayala usiku ku Bembeke" imauza wodutsa wotsatira zambiri kuposa nyenyezi zisanu zopanda mawu. Zogula kapena zolembetsa abale ndimakana, ndi bodza, ndipo Google ikazizindikira imazichotsa. Wodandaula ndimamuyankha mwaulemu pomwepo, poti ena akuwerenga.

Sindikunena kuti aliyense athamangire izi. Amayi ogulitsa kachewere ndi kabichi m'mbali mwa msewu kasitomala amawaona ndi maso. Koma a malo ogona, malo odyera, ma pharmacy ndi ogulitsa masipeya akutaya ndalama. Alendo opita ku Dedza Pottery, ku Mua, kapena kukaona zojambula za pamiyala za ku Chongoni, zomwe UNESCO inazizindikira mu 2006, amafunsa foni kuti adye kuti ndipo agone kuti. Malo ambiri aukhondo omwe ndimawadziwa pa boma pano sapezeka n'komwe pa mapu.

Wina akabwera kuti mumulipire ndalama zambiri akupangireni webusaiti kuti foni izikutchulani, muuzeni adikire kaye. Webusaiti ili ndi ntchito yake, koma zonse ndafotokozazi zimatheka pa foni ya Android yomwe muli nayo kale. Loweruka likubwerali ndikukathandiza amayi a lesitilanti yoyandikana nafe kujambula vidiyo yawo, ndipo tagwirizana kuti tiyambe m'mawa chifunga chikangochoka, kuti chikwangwani chawo chioneke bwino.